Tinaika Nthochi, Iwo Akukumba Mabuku

Nkhulambe,
21 Malichi 2023

Wokondedwa mwana wanga Perpetua,

Landira moni kuchokera kwa ine mayi ako aang'ono, Fainess. Kaya uli bwanji ku Joniko ndi pathupi pakopo? Kuno tili moyo, koma zoti tili bwino ayi, ndinganame.

Mafoni athu onse anapita ndi madzi. Kalatayi ndikulembera pabondo m'kalasi momwe tikugona, ndipo aphunzitsi a Leah akaijambula ndi foni yawo ku Migowi, kumene kuli netiweki. Uziyankha kudzera mwa iwowo.

Zimene wamvazo n'zoona. Amayi ako sakuoneka. Lolemba lija m'mawa tinangomva phiri likulira, kenaka Napolo uyo! Wa 1991 timamusimba uja anali khanda, mwana wanga. Nyumba yanu palibe, yanga palibe, tchalitchi chatsala khoma limodzi, laibulale ya abambo ako ija yakwiririka mpaka denga. Achemwali anatuluka madzi asanafike, atafunda pepala lapulasitiki. Anandiuza kuti, "Fainess, tsogola ndi ana kusukulu, ndikupeza." Mpaka lero ndikudikira. Mayi wina akuti anawaona akutsika njira yakumunsi, ndiye tonse tikuti anapita kudimba kukamasula mbuzi zawo zija, mtsinje n'kuwatenga.

Abambo ako ali moyo. Nthawi imeneyo anali kumtsinje ndi chingwe ndi wezulo yawo, kuolotsa anthu. Apulumutsa ambiri, pamenepo sindingawamane. Koma Perpetua, munthu uja akundiopsa. Chichitikire zimenezi, msozi ndi umodzi womwe sunagwe. M'mawa amapinda bulangete lake bwinobwino, kumeta ndevu ndi madzi a m'chitini, n'kukaima pamatope manja ali kumbuyo ngati akuyendera perete. Dzulo ndinawauza kuti, "Alamu, lirani, muphulika." Anangoti, "Munthu wosowa si wakufa." Basi, n'kutembenuka. Kodi usilikali umachotsa ndi mtima womwe?

Ukatha titumizire mabulangete ndi mapoto, tikuphikira m'zitini. Usalire kwambiri, uganizire uyo ali m'mimbayo.

Ndine mayi ako,
Fainess

Germiston,
26 Malichi 2023

Okondedwa amayi aang'ono,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu ndaiwerenga kambirimbiri, mwina ndingapezemo mawu ena, koma ndi omwewo. Sindikudya, sindikugona. Ndinakagula kale tikiti ya basi, koma adokotala andikaniza kwamtuwagalu. Akuti magazi athamanga kwambiri, ulendo wa masiku awiri ungandiphe ine ndi mwana yemwe. Ndiye ndili pano, kutali, ngati mlendo pa nkhani ya mayi wanga wondibala.

Mabulangete ndi mapoto ndapatsira dalaivala wina wakwathu, akasiya ku Limbe kwa wachibale wathu uja, a Rodney.

Za abambo musadabwe kwambiri. Ndi mmene alili, ngakhale pamaliro a amayi awo sanalire. Koma bwanji osandilembera ngakhale mizere iwiri? Munthu woti chipumire ntchito ya usilikali amangokhalira mapepala, kulemba makalata uku ndi uku kupempha mabuku a laibulale, alephere kulembera mwana wake mmodzi yekhayo? Auzeni kuti ndikudikira.

Ndikumbuka mmene amayi ankanenera laibulale ija kuti "mkazi mnzanga," amvekere, "A Kaputeni apita kwa mkazi wamng'ono, ndiwo zizizira." Ndimaseka ndikakumbuka, kenaka n'kuyamba kulira.

Chonde ndiuzeni chilichonse, musandibisire poti ndili ndi pakati. Kodi kumunsi kwa mtsinje akufufuzabe?

Ndine mwana wanu,
Perpetua

Nkhulambe,
2 Epulo 2023

Perpetua mwana wanga,

Moni. Katundu wafika, Mulungu akudalitse. Wati ndisakubisire, ndiye khala pansi kaye usanapitirize, chifukwa zimene ndaona sabata ino ndi malodza.

Lachiwiri kunatulukira madoda okalamba, anzawo a abambo ako opuma usilikali, aja anathandizana nawo kumanga laibulale. Ena achokera ku Zomba, ena ku Mulanje. Milatho inaduka, ndiye abwera wapansi, mafosholo paphewa, zingwe m'chiuno, kutsogolo kuli a Sajeni Hector ndi mwendo wawo wotsimphina uja. Palibe anawatuma, palibe akuwalipira, ufa abwera ndi wawo. Amayi tinaimba nthungululu pakampu ponse. Tinati basi, akatswiri afika, apita kumunsi kwa mtsinje kumene anzathu akupezeka.

Ayi ndithu! Abambo ako anawaimika pamzere, kuwalankhula pang'ono, gulu lonse n'kulunjika pa laibulale. Anakhoma zikhomo, kumanga zingwe, n'kuyamba kukumba. Perpetua, akukumba mabuku! Mudzi uli m'matope, mayi ako sakudziwika kumene agona, amuna akuluakulu a imvi akutulutsa mabuku limodzilimodzi, ndi manja, mosamala ngati mazira. Akawatulutsa akuwatsuka matope, kuwayanika pamikeka ngati makaka a chinangwa, wina n'kumatembenuza masamba ndi nthenga ya nkhuku. Khasu salola kuti lilowe m'dzenjemo, akuti lingaononge. Ine manyazi andigwira, kumjigo sindikupitanso masana. Amayi akumandifunsa kuti, "Alamu anu aja apeza mabuku angati lero?"

Amalume ako a Dyson, monga mwini mbumba, anaitanitsa banja Lachisanu. Anati masabata apita, mabanja ena aika kale thunthu la nthochi m'malo mwa abale awo osapezeka, monga timachitira, kuti maliro athe, mzimu upume. Nafenso tichite chomwecho Loweruka likubwerali. Tonse tinavomera. Abambo ako anaimirira, mkamwini, pamaso pa mbumba yonse, n'kunena kuti, "Ine sindinakwatire nthochi. Mkazi wanga Belita ali mu laibulale, ndipo ndimutulutsa."

Tinayang'anana. A Dyson anati, "Alamu, mchemwali wanga akakatani mu laibulale? Munthu woti posainira makuponi amadinda chala? Nyumba ija ankaipewa ngati chimbudzi cha eni." Abambo ako anati, "Tsiku lija ndili kumtsinje ndinatulutsa wezulo, kiyi wa laibulale panalibe. Timamanga pamodzi." A Dyson anaomba m'manja kuseka kowawa, amvekere, "Tamvani anthuni! Mudzi wonse wapita, awa akulira kiyi!" Tinawafunsa kuti nanga achemwali akanatengeranji kiyiyo? Anangoti kukamwa tseke, maso kutsogolo.

Ine ndikuona kuti akunamizira malemu pofuna kubisa manyazi a mabuku awowo. A Dyson anena poyera kuti akapanda kubwera kumanda Loweruka, awasudzula tsiku lometa lomwelo, anyamule bulangete lawo abwerere kwawo kwa Kaduya. Ukudziwa kuti kumeneko kulibe wawo, abale onse anatha, zaka zonsezi kwawo n'kuno. Koma malo ano ndi a amayi ako, ndiye kuti tsopano ndi ako. A Dyson akuti unenepo mawu ako msanga.

Ndine mayi ako,
Fainess

Germiston,
5 Epulo 2023

Abambo,

Moni. Sindifunsa kuti muli bwanji, ndamva kuti muli ndi mphamvu zokumbira.

Ndadikira kalata yanu mpaka ndatopa. Tsopano ndamva chimene chakutangwanitsani. Ndili mwana munali ku Kongo, munali kumalire, munali kulikonse kupatula pakhomo. Amayi ankalima okha, kusenza nandolo okha. Mutapuma tinati tsopano tawapeza abambo athu, inu n'kukwatira mabuku. Zonsezo amayi anapirira akuseka. Koma lero, Abambo? Mwaitana asilikali oti akanafufuza mkazi wanu kumtsinje, inu n'kuwapatsa ntchito yoyanika mapepala? Ndiye n'kumanamiziranso munthu wosadziwa ndi "a" yemwe kuti ali m'menemo? Ndachita manyazi, ndipo ndakwiya kuposa mmene ndinakwiyirapo chibadwire.

Kalatayi iwerengedwe pamaso pa amalume a Dyson. Amalume, ikani nthochiyo, amayi anga apume. Ngati abambo sabwera kumanda, chitani zimene mwanenazo. Pamalo pa amayi anga sindikufunapo munthu amene mabuku amaposa mkazi wake.

Perpetua

Nkhulambe,
11 Epulo 2023

Mwana wanga Perpetua,

Moni, kaya magazi aja atsikako? Kuno zachitika monga unanenera.

Kalata yako a Leah anaiwerenga Lachisanu pansi pa mtengo wa mango wapasukulu. Abambo ako anamvetsera ataima njo, chipewa chili m'manja. Itatha anapempha kuti aione pafonipo ndi maso awo. Anaiwerenga, kubweza foni, n'kunena kuti, "Walemba bwino, mwana uyu ndinamuphunzitsa ndine." N'kubwerera kudzenje kwawo.

Loweruka tinaika. Adzukulu anadula thunthu la nthochi lalitali ngati achemwali, tinalikulunga m'nsalu yoyera, tinaimba, abusa analalikira. Ndinalira mpaka mawu kutha, koma ndisakunamize, ndikamayang'ana nsalu ija mtima unkakana. Abambo ako sanabwere. Tili kumanda tinkamva wezulo yawo kumunsiko, akusinthitsa magulu okumba. Anthu ankangogwedeza mitu.

Tsiku la Pasaka, titatuluka m'mapemphero, tinameta, ndipo a Dyson anawasudzula pamaso pa ankhoswe. Anachita kukawatenga kudzenje, matope ali mpaka m'mawondo. Sanatsutse kanthu. Anangoti, "Ndamva. Koma ntchito ndinaiyamba, ndichoka ndikaimaliza. Pamalo panu sindigonapo." Tsopano akugona mutenti ya a Sajeni Hector kutsidya kwa msewu.

Misala ija ndiye ikunkirankira. Dzulo afika pamashelefu apamwamba, n'kupezapo matumba a feteleza odzaza mabuku, omanga bwino kukamwa, mabuku ake ouma ndithu. Ine sindinayandikire, ndalumbira kuti pamenepo sindipondapo, koma amene anaona akuti abambo ako atagwira thumba loyamba anakhala pansi m'matopemo, kulisisita pomangapo nthawi yaitali. Mkazi wawo sanamulire, akusisita thumba! Kuyambira pamenepo akukumba osapuma, chakudya akudyera chiimire, zala zawo zonse zasupuka. Madoda anzawo aja nawonso sakuwaletsa, ndiye kaya wamisala ndani pamenepa.

Ukatha tumiza mbewu ya nandolo ndi mbatata, tiyese kubzala pachinyontho chatsalachi.

Ndine mayi ako,
Fainess

Nkhulambe,
18 Epulo 2023

Perpetua, Perpetua mwana wanga,

Moni sindikudziwa kuti ndikupatse bwanji. Ukhululuke malembedwe. Ngati uli wekha itana mnzako akhale nawe pafupi.

Amayi ako apezeka. Anali mu laibulale.

Lachisanu masana ndikusenda chinangwa pakampu, ndinamva wezulo ikulira kosalekeza, osati mwa masiku onse. Kenaka ndinaona a Sajeni Hector akubwera, chipewa chili m'manja. Anaima patsogolo pa a Dyson n'kunena kuti, "Bambo, a Kaputeni akupempha eni mbumba abwere adzazindikire." Ndinathamanga osavala ndi nsapato zomwe.

Anali m'kati, pafupi ndi chitseko, khoma litawagwera. Nkhope sindinene, masabata apita ambiri. Koma kiyi uja anali m'khosi mwawo pachingwe. Chitenje chinali chija cha maluwa achikasu unawatumizira pa Khirisimasi, chong'ambikang'ambika m'mphepete monse. Ndinayang'ana matumba a feteleza aja atawandandalika pambali. Thumba lililonse analimanga ndi kansalu ka maluwa achikasu. Mfundo yake ndi ija achemwali amamangira matumba a nandolo, yopota kawiri, yoti ine ndimalephera kumasula. Anang'amba chitenje chawo, mwana wanga, kumanga mabuku kuti asanyowe, n'kumakweza pamwamba madzi akulowa. Thumba lomaliza linali m'manja mwawo, losamaliza kumanga. Pachifuwa, m'kati mwa bulauzi, munali kabuku ka zithunzi ka ana a Sitandade 1.

Matumba aja akhala pamtunda masiku onsewa. Ndikanangopita kukaona ndi maso angawa, ndikanaizindikira nsalu ija tsiku lomwelo. Koma ndinali kalikiliki kuchita manyazi.

Khasu lija ankaliletsa sikuti ankaopera mabuku ayi. Ankaopera achemwali.

A Dyson anakhala pansi pamatope pomwepo. Kenaka anayamba kufunsa aliyense kuti, "Nanga taika uja ndani? Taika uja ndani?" Akuluakulu anakhala upo, poti zoterezi sizinachitikepo kuno. Pomaliza anagwirizana kuti manda ndi omwewo. Loweruka adzukulu anafukula, kutulutsa nthochi ija, n'kukaitaya kuthengo. Bokosi anakhoma ndi madoda aja, ndi matabwa a mashelefu a laibulale. Analinyamula okha paphewa, kuyenda pang'onopang'ono mwa chisilikali, a Hector akukoka mwendo wawo koma osaphonya sitepe. Mudzi wonse unabwera, ndi aja ankandiseka kumjigo omwe. Abambo ako anaponya dothi, kuchita sailuti, maso ouma gwa.

Ndiye Lamulungu m'mawa tinadzuka tenti mulibe munthu. Anapinda bulangete, kusiya kiyi kwa a Hector, n'kuuyamba wapansi wa kwa Kaduya. A Hector akuti anawaletsa, iwo anati, "Ntchito yatha. Eni malo analamula, ndi mwana yemwe anasaina."

A Dyson chibwerere kumanda sakutuluka, sakudya. Ine funso likundidya ndi limodzi. Achemwali, munthu wosawerenga, anaferanji mabuku?

Ndine mayi ako,
Fainess

Germiston,
21 Epulo 2023

Okondedwa Abambo anga,

Moni Abambo. Muli bwanji? Mukugona pati, mukudya chiyani, zala zija zikupola? A Sajeni Hector alonjeza kuti akubweretserani kalatayi pamanja.

Ndagonekedwa m'chipatala chimvereni nkhaniyi, koma musaope, mwana ali bwino. Ndayamba kalatayi kambiri n'kumafufuta. Ndinakutukwanani pamaso pa mudzi wonse, inu mukukumba amayi anga ndi zala. Ndinakuthamangitsani ngati wakuba. Mawu aja ndikanatha ndikanawameza, koma anawerengedwa kale pansi pa mango. Ndikhululukireni, Abambo. Ndagwada pansi ngakhale simukundiona.

Bwererani kunyumba. Ngati malo aja ndi anga monga akunenera, ndiye ndikuti ndi anu. Ndalemberanso amalume.

Koma ndiuzeni chinthu chimodzi, mutu wanga usweka. Munadziwa bwanji? Ndipo bwanji simunanene zonse tsiku lija anakufunsani?

Ndine mwana wanu, ngati mukundilolabe,
Perpetua

Kwa Kaduya,
30 Epulo 2023

Wokondedwa Perpetua,

Moni. Kalata yako ndalandira. Ndili bwino. Ndikugona m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, abusa akuno andisunga. Zala zikupola. Uzimwa mankhwala monga akuuzira adokotala, osadumphitsa.

Sindinakukwiyire. Unalemba malinga ndi lipoti limene unalandira. Ndi lipoti limenelo inenso ndikanalamula chomwecho.

Wafunsa mafunso awiri. Ndiyankha.

Chaka chatha, tsiku limene unatiuza kuti uli ndi pakati, amayi ako anandipeza mu laibulale ndikusesa. Aka kanali koyamba kulowamo. Anatseka chitseko n'kunena kuti, "A Kaputeni, mdzukulu wa ku Joni adzabwera ndi mabuku ake, adzati agogo ndiwerengereni. Ine ndidzagwire chadodolido? Ndiphunzitseni." Kuyambira pamenepo tinkapita mbandakucha, anthu asanayambe kudutsa, iwo atasenza khasu ngati akupita kudimba. Ndaphunzitsapo anyamata ambiri kuguba ndi kuwombera, koma wophunzira waliuma ngati mayi ako sindinamuone. Akalakwitsa ankakalipira ine. Akakhoza ankavina okha pakati pa mashelefu. Pofika Febuluwale ankawerenga tsamba lathunthu, chala chili pamzere.

Anakonza zoti pa Pasaka, abusa akadzafunsa wowerenga mawu, adzangoimirira n'kupita kutsogolo, Fainess ndi a Dyson adzagwe pabenchi. Ankayeserera tsiku ndi tsiku, ndi kayendedwe komwe. Anandilumbiritsa kuti, "Mukauza munthu ndisanaime kutsogoloko, ndikusudzulani ndekha." Zija ankanena za mkazi mnzanga anapitiriza dala kuti anthu asadziwe, akatero n'kunditsinzinira diso.

Ndiye kiyi atasowa pawezulo ndinadziwa amene watenga, chifukwa m'mawa umenewo anandifunsa kawiri ngati madzi sangalowe pansi pa chitseko. Ndinanena kumene ali. Chifukwa chake sindikanatha kunena. Ukhoza kunena kuti munthu akapita lumbiro latha. Koma ine ndinali ndisanamuone, Perpetua. Kwa ine anali wosowa, ndipo chinsinsi chinali chikadali chake. Ndinkati mwina, mwina, adzaimabe kutsogolo kuja. Ndikudziwa kuti zinali zopusa. Pa Pasaka ndinali m'dzenje, ndikumva anthu akuimba kusukulu, ndipo ndinkamvetsera ngati wina awerenge.

Tsopano matumba aja anena okha, ndiye ndamasuka.

Za kubwerera, mwana wanga, sindingabwere ndekha. Anandisudzula ndi a Dyson pamaso pa ankhoswe, ndipo kalata ya pafoni singafufute zimenezo. Ndakhala mkamwini zaka zambiri, mwambo ndimaudziwa. Chondidetsa nkhawa ndi mabuku. Hector ndi wakhama koma amatembenuza masamba mwankhanza, ndipo anzathu aja ayenera kubwerera kwawo. Uuze Fainess kuti asawayanike padzuwa la masana, amapindika.

Mwana akabadwa undidziwitse.

Ndine bambo wako,
Lingson Sitima, Kaputeni (wopuma)

Nkhulambe,
9 Meyi 2023

Wokondedwa Perpetua,

Moni mwana wanga, moninso kwa kachidzukulu kanga kakubwerako. Masiku ako ayandikira, tikukupempherera.

Kalata ya abambo ako unatitumizira ija a Leah anatiwerengera Lachinayi. Ine ndinachita kugwira mtengo. Achemwali kuwerenga! Munthu ndinkamutsegulira nyimbo m'tchalitchi miyezi yonseyi, iye n'kumangoti zikomo, pansi pamtima akundiseka. Akanaimadi kutsogolo kuja ndikanagwadi pabenchi, sananame.

A Dyson anamvetsera mpaka pothera. Lachisanu kusanatenthe tinangoona akupopa njinga yobwereka. Munthu woti sabata zitatu sanadye bwino! Ndinati, "Achimwene, mukupita kuti?" Anati, "Kukatenga munthu."

Abwera Loweruka madzulo, a Dyson akupalasa, thukuta lili kamukamu, abambo ako ali pakaliyala atakhala chiwongokere, bulangete lili pamiyendo. Zimene anakambirana kwa Kaduya palibe akudziwa, onse awiri sakunena. Akuluakulu anasonkhana msangamsanga, mkulu wina n'kunena kuti, "A Dyson, zimenezi ziliko? Munthu akasudzulidwa wasudzulidwa, mwambo wobwezera ife sitiudziwa." A Dyson anatsamiritsa njinga pamtengo, n'kunena kuti, "Nthochi tinaika ndi nyimbo, ndi abusa omwe, koma tinaifukula. Mawu angawa ndiye avute kufukula? Awa si mkamwini chabe. Mchemwali wanga tonse tinamusiya m'matope, anakamutenga ndi awa."

Abambo ako sanakhale n'kukhala komwe. Analunjika kumikeka kuja, n'kuyamba kukalipira a Hector kuti ayanika mabuku mopanikiza. Ine ndinati basi, munthu uja ndi yemwe uja. Kenaka a Hector anawabweretsera thumba lomaliza lija, limene linali m'manja mwa achemwali. Palibe analikhudza chiikire maliro. Anati, "Bwana, ili tinasiyira inu." Abambo ako anagwada, kugwira kansalu kachikasu kaja kuti amasule. Mfundo inali yopota kamodzi kokha, kachiwiri achemwali sanafike. Anaigwira, kuigwira, osamasula.

Perpetua, abambo ako alira.

Madoda aja atangoona mapewa akugwedezeka, a Hector ananena liwu limodzi, onse anathamanga n'kuima mzere mowazungulira, misana kwa iwo, nkhope kwa ife, kuti tisaone Kaputeni wawo akulira. Anaima njo, imvi zokhazokha, ena misozi ikutsika osaipukuta. Kuona sitinaone. Koma tinamva, mwana wanga, mudzi wonse unamva, mpaka amayi a kumjigo anatula ndowa.

Panopa akugona kwa a Dyson. Njerwa za laibulale yatsopano ayamba kuumba dzulo, a Dyson ndi amene akuponda dothi. Abambo ako akuti ukachira utumize guluu womatira mabuku ndi ulusi wolimba, ambiri zikuto zinachoka. Kabuku ka zithunzi kaja akana kukaika pashelefu, akuti n'ka mwana wako.

Ndine mayi ako,
Fainess